Chokoleti cha maungu a Amayi

Lolemba, 7 Epulo

Maungu akhwima. Atatu, kuseri kwa bafa, pomwe Amayi anakwirira nthanga mu Disembala asanawagoneke m'chipatala. Palibe anapalira, palibe anawayang'anira, koma ayanga mpaka akwera pa windo la kuchipinda kwawo. Kukakhala kamphepo masamba amakwecha galasi. Ndikamapita kukayanika zovala ndimazungulira mbali inayo.

Atate lero adya mbatata theka. Theka! Tiyi wopanda shuga, munthu amene kale ankathira masupuni anayi n'kumadandaula kuti masupuni a masiku ano ndi aang'ono. Lamba aboolanso ndi msomali, bowo lachitatu chimwalirireni Amayi mu Januwale. Sabata yatha kukiliniki nesi anati shuga wawo wayamba kukwera, koma chomwe chikumudetsa nkhawa kwambiri ndi kuondaku. Adye, koma adye zoyenera. Ndawauza. Ati "ndamva," maso ali kukhoma.

Ndataya kale mmodzi. Wachiwiri ayi.

Lachiwiri, 8 Epulo

Kubekale komwe ndimagwira ntchito timapanga timipira ta chokoleti, mabwana amati matrafo, todzaza kirimu ndi shuga moti ukadya tiwiri mutu umagunda. Deborah, mnzanga wa pa uvuni, wandionetsa pa foni tina ta dzungu. Dzungu, chokoleti chakuda chowawa chija, chiponde, sinamoni, uchi kasupuni kamodzi. Shuga wa m'paketi kulibe.

Atate ndi Amayi chokoleti ankachikonda ngati ana a sukulu. Ankabisirana, ankaberana, ankanamizirana. Ngati pali chinthu chingatsegule pakamwa pa mdala ameneyu, ndi chimenechi.

Ndadzera kumashopu a ku Kamwala kugula zofunika. Pofika kwathu ku Matero ndathyola dzungu limodzi. Phesi linali lolimba, mpeni unakana kawiri. Litathyoka ndinangomva pakamwa panga pakuti "pepani Amayi." Ndinayang'ana ngati wina wamva.

Lachitatu, 9 Epulo

Zakanika. Ndinaphika dzungu m'madzi monga timachitira masiku onse, n'kusakaniza. Phala! Chinthu chokana kuumbika, chomata m'manja ngati matope a ku Kanyama mvula ikagwa.

Bana Mukuka, neba wathu, anasuzumira pa mpanda. Mayi ameneyu fungo salimva ndi mphuno yokha, amalimva ndi miyendo yomwe.

"Iwe Ndaona, ni vichani ivi? Chokoleti na dzungu? Awe, imwe bana ba manje muzatipaya."

Analawa ndi chala. Kenako analawanso. Akuti vuto ndi madzi, ndiliwotche, makala pansi ndi pamwamba, ngati chikondamoyo. Akutinso ndikamaliza ndipititse kwawo, firiji yawo ya ayisi imasunga kuzizira ngakhale malaiti apite. Pochoka anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Upangira ba tate bako, olo upangira bamene banapita?"

Anthu ena mafunso awo.

Lachinayi, 10 Epulo

Sindinapite kuntchito. Magetsi kulibe, m'nyumba zii, dzuwa lili pamutu. Ndamva patapata wa Amayi akukhwekhwereza kuchokera kuchipinda mpaka pakhomo la khitchini, n'kuima pamenepo. Sindinacheuke. Patapatayo tinapatsa azakhali pamaliro.

Lachisanu, 11 Epulo

Ndilembe basi, mwina zindichoka pamtima.

Lachiwiri la sabata yomaliza ya Amayi m'chipatala dokotala anandiitanira pambali, poti ndine ndinkasunga makadi ndi mankhwala onse. Anati impso zasiya kugwira ntchito, kwatsala masiku, palibenso chochita. Sindinauze munthu. Atate ndinawauza kuti akuyesa mankhwala ena, n'kuona nkhope yawo ikuwala. Ndinkati ndikuwateteza.

Lachitatu, nthawi yoona odwala ya masana, Amayi anandigwira mkono. "Ndaona, kachokoleti. Kang'ono chabe, mwana wanga, m'kamwa mukuwawa."

Ine ndiye. Wapolisi wa shuga, monga ankanditchulira. Zaka zisanu ndi ziwiri chiwapezereni matenda a shuga ndikusecha m'zikwama zawo, pansi pa pilo, m'thumba la yunifolomu ya chigwirizano cha amayi akutchalitchi, kulanda maswiti ngati ndagwira mbava. Ndinati, "Mukachira."

Mukachira! Ndikudziwa bwinobwino kuti sachira. Kashopu kanali pageti pomwepo. Sindikudziwa chinandigwira, kaya ndi chizolowezi, kaya ndinkaganiza kuti ndikakana ndiye kuti dokotala wanama. Sanakangane nane, ndipo n'zimene zimandipweteka. Amayi amene ankatha kukangana ndi wailesi. Anangosiya mkono wanga n'kutembenukira kukhoma. Ndinapita kunyumba kukachapa zitenje zawo, madzulo kunapita Atate okha. Lachinayi m'mawa anatisiya.

Mawu omaliza amene ndinawauza mayi anga ndi bodza, ndipo linali bodza lowamana.

Bana Mukuka anafunsa zoona.

Loweruka, 12 Epulo

Zatheka, ndipo sizinathandize kanthu.

Ndilembe njira ndisanaiwale. Dzungu lachiwiri, kulidula pakati, kuchotsa nthanga, kuliwotcha mumphika wopanda madzi, makala pansi ndi pa chivundikiro, mpaka supuni ilowe yokha. Kulikanya. Kuliumitsanso pa chiwaya, moto wochepa, kutakasa mpaka lisiye kumata m'mbali. Apa mkono umatopa koma osathawa. Chokoleti kusungunulira m'mbale yokhazika pa madzi otentha, dontho la madzi lisagweremo. Chiponde masupuni awiri, sinamoni, uchi, kamchere. Kwa bana Mukuka maola awiri. Kuumba ting'onoting'ono, kugubuduza mu ufa wa koko ndi nthanga zomwe zija, zokazinga n'kusinja.

Tatuluka khumi ndi tisanu ndi titatu. Bana Mukuka atenga tiwiri, akuti lendi ya firiji. Si totsekemera kwambiri, kukoma kwake kumabwera mochedwa, kukhosi. Ndinanyadira, ndisaname.

Ndinaika tinayi pa sosala n'kupita nato pakhonde pomwe Atate amakhala.

"Ba Tate, lawani. Mulibe shuga. Ni dzungu ya Amayi."

Anayang'ana sosala ngati ndawabweretsera njoka. "Chotsa," anatero. Ndinati kamodzi kokha. "Ndati chotsa icho pamaso panga!" Atate sanandikalipirepo chikhalire. Anadzuka, kuvala chipewa, ulendo. Abwera dzuwa litalowa, nsapato zili fumbi lofiira. Sanadye kanthu.

Ndiye kuti akudziwa. Amayi anawauza madzulo aja kuti ndinawamana. Miyezi itatu akhala nane m'nyumba muno akudziwa, ndipo ine ndabwera ndi chokoleti pa sosala ngati chipongwe.

Fungo la koko lili m'makatani monse.

Lamulungu, 13 Epulo



Kutchalitchi ndinapita ndekha, Atate anasiya kupita. Pobwera ndinawapeza m'khitchini, malo amene salowamo. Atakhala pa kampando ka Amayi, mbale ya timipira ili patebulo yovundukula, osakhudza. Ndinati lero ndipepese, zivute zitani. Ndinagwada. Koma anayamba ndi iwo.

"Ndine ndinawapha amayi ako."

Ndinati mukuti chani.

Akuti madzulo aja Amayi anawapempha chokoleti. Atate anakana kamodzi, anakana kawiri. Kachitatu anatsika kupita pageti, anagula chachikulu chija cha pepala lofiirira, anachilowetsa m'wodi chili m'chipewa. Anakoka katani. M'mawa mwake foni.

"Iwe zaka seveni unawasunga. Ine tsiku limodzi chabe. Nesi aliyense ananena kuti asadye zotsekemera, iwe unanena. Ndikaona chakudya, Ndaona, pakhosi pamatseka."

Ndinakhala pansi penipeni, pasimenti. Miyezi itatu munthu akudzipha ndi njala m'nyumba mwanga chifukwa cha mawu amene ine ndinawabisa. Ndinawauza zonse. Dokotala, impso, Lachiwiri, bodza la mankhwala ena. Ndinati chokoleti sichinaphe munthu, ba Tate, Amayi anali atangotsala ndi masiku, ine ndinkadziwa ndipo ndinawamanabe. Ndinati ngati mukufuna wolakwa ndi uyu ali pansi apa.

Panja ana a kwa neba ankakangana za mpira. Ndinadikira kuti andikalipirenso. Ndikanalandira.

"Unanyamula wekha chimenecho?" anatero.

Ndinalira ngati sindinalire pamaliro. Iwonso. Anthu awiri akuluakulu m'khitchini yopapatiza, wina pampando wina pansi, palibe wotonthoza mnzake. Nditapeza mpweya ndinafunsa chomwe chinkandiwotcha.

"Anadya?"

"Chonse."

"Chonse, ba Tate? Chachikulu chija?"

"Chonse. Ndinapempha kachidutswa, anandimenya dzanja. Ati kagule chako."

Sindikudziwa anayamba kuseka ndani. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, mamina ndi misozi pamodzi. Anadya! Mayi anga sanapite m'kamwa mukuwawa.

Atate anapukuta m'maso ndi chipewa, n'kukokera mbale pafupi. Anasankha nthawi yaitali ngati akugula mbuzi. Anatenga kakang'ono kwambiri, analuma theka, anatafuna pang'onopang'ono, nkhope itakwinyika.

"Amayi ako akanakubwezera ichi. Shuga ali kuti?"

Anamaliza theka linalo. Dzanja litayamba kubwereranso ku mbale ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti kamodzi pa tsiku, mukatha kudya. Ndinatsekanso.

Panopa ali pakhonde. Afunsa ngati nyemba za dzulo zilipo, ndiye ndasiya kulemba, ndikasonkhe moto.