Chala cha Bambo ndi Kamsomali ka mu Uvuni

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha wamng'ono chija chinatha? Kuno mayi akudzuka, kungoti mawondo aja. Ine ndilipo, koma mtima suli m'malo. Kawiri konse ndayesa kukuuzani pafoni, mawu osatuluka.

Bambo sakuwotchanso nyama kuhotela. Uno ndi mwezi wachiwiri. Anawasamutsira kukona ya kusinki, kosenda mbatata ndi anyezi, munthu amene waima pa uvuni zaka 27. Mayi anati tisakuuzeni.

Zinayamba abwana atsopano atabweretsa kachipangizo koyezera kutentha kwa mkati mwa nyama. Kamaoneka ngati msomali wautali, kalibe waya. Umakabaya m'nyama, n'kutseka uvuni, ndiye foni imaonetsa madigiri, nyama ikapsa n'kulira. Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Anati foni sinalawepo nkhuku chibadwire, yakupsa ingaidziwe bwanji? Mukudziwa mmene amachitira, kudina kamodzi ndi chala basi. Paja m'khitchini onse amawatchula kuti a Chala.

Koma alendo awiri anali atabweza mbale, akuti nkhuku inali ndi magazi kufupa. Abwana anandiitana, poti m'khitchini momwemo ndine ndimasunga kabuku ka zaukhondo. Anati kwa sabata imodzi ndiziyeza nkhuku iliyonse imene bambo anena kuti yapsa, ndizilemba, osawauza.

Ndinayamba ndi kukayesa kachipangizoko, ndikupemphera kuti kaname. M'madzi a ayezi kanaonetsa ziro. M'madzi owira kanafika pafupi ndi 100. Zofooka kali nazo ndithu. Ukalowa m'chipinda chozizira foni imasiya kukamva, ndipo tsiku lina kanalira nkhuku ili yaiwisi chifukwa abwana anakabaya pamwambamwamba. Tsiku limenelo bambo anayenda m'khitchini monse ngati tambala, inenso ndinaseka nawo.

Koma achimwene, ukakabaya bwino pakati pa ntchafu sikanama. Nkhuku imayenera kufika madigiri 74 mkati. Pa nkhuku 40 zimene bambo anati zapsa, 11 sizinafike. Zina ndinazicheka ndekha kuseri kuti nditsimikize, ndinapeza zofiira. Ndinkazibwezera mu uvuni mobisa.

Lachisanu abwana anaitanitsa kabuku. Ndikanatha kusintha manambala, cholembera chinali m'thumba la epuloni. Ndinaganiza za ana aja amene amabwera kudzadya ndi makolo awo Lamlungu, ndipo ndinapereka kabukuko mmene kanalili.

Uvuni uja anapatsa ine.

Bambo amaganiza kuti chimene chinawaneneza ndi foni. Sadziwa kuti ndine. Anandigwira paphewa n'kunena kuti bola moto watsala m'banja mwathu. Tikamaweruka amandikhuthulira zonse zakumtima, amati pamalo ponse paja wowamvetsa ndine ndekha. Ndimangoti inde bambo. Masana foni ikalira ndimaitseka msanga, koma ndimaona msana wawo ukuwerama pabeseni.

Tsopano imvani chimene chandigwiritsa cholembera. Lachiwiri lapitali ndinawapeza akusenda mbatata, madzi a m'beseni atafiira. Anali atadzicheka chala chachikulu, bala lozama, iwo osamva. Ndine ndinawaonetsa.

Ndikuwamanga bala, anandiululira kuti chaka chonse chathachi zala zawo zachita dzanzi, ndipo akamayenda amamva ngati akuponda thonje. Ndiye kuti nthawi yonse ija ankadina nyama osamva kanthu, ankangodalira maso ndi fungo. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti masiku ano madzi amamwa ngati ng'ombe, ndipo lamba wawo aboola mabowo ena awiri. Ndinkaziona zonsezi, koma ndinali wotanganidwa ndi kuyeza nkhuku.

Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale mayi, ati abwana akamva awachotseratu ntchito. Ndinafunsa anamwino aja oyandikana nafe, osatchula dzina. Anati atha kukhala matenda a shuga, ndipo munthuyo asachedwe, chifukwa amatha kuononga maso ndi mapazi. Nditawauza bambo za kuchipatala anakana kwamtuwagalu. Ati kumenekonso akangowabaya kamsomali n'kuwerenga manambala, iwo si nkhuku.

Achimwene, bwerani. Musatumize uthenga, bwerani inu nomwe. Ine amandikonda, koma inu amakumverani. Mukawauza kuti avale nsapato tipite, avala. Bala lija lero ndi tsiku lachisanu, silikuuma.

Ndikudziwa kuti ndi kalata ino ndaswa lumbiro langa. Atandikwiyira chifukwa cha zimenezi ndipirira. Za kabuku ndidzawauza ndekha ndi pakamwa panga, sindikufuna kuti adzazimve kwa abwana. Ndikungopempha kuti tsiku limenelo mudzakhale nawo m'chipindamo, chifukwa sindikudziwa ngati adzandiyang'anenso kumaso.

Mulungu akusungeni ndipo akupatseni ulendo wabwino. Mundiperekere moni kwa alamu, ana muwauze kuti azakhali awo awasowa. Mayi musawaimbire za nkhaniyi, mudzaonana nawo mukafika.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa bambo