Nyemba Zimene Sindinayenera Kuthirira

Okondedwa Achimwene,

Ndiyambe ndi moni, chifukwa ndikayamba ndi nkhani yangayi mudzangoseka, moniwo osaumva. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija linasiya kuvuta, kapena mukungolimba mtima monga mwa masiku onse? Nanga alamu ndi ana? Amayi akudya bwino? Kuno tonse tili bwino. Mayi a Mafunso anagwidwa ndi chimfine sabata yatha, koma adzuka, abwerera kale pamakina awo osokera. Ine ndikadali pamaofesi paja, kusamalira maluwa ndi kapinga.

Zovuta zazing'ono sizilephera. Basi yathu anaisinthira msewu, ndiye ndikumadzuka mamawa kwambiri kuposa kale. Mnzathu woyandikana naye chitseko wagula wailesi yatsopano, tonse m'nyumba muno tikumvera nawo mosafuna.

Ndachedwa kulemba, ndikudziwa. Mwezi wathawu mtima wanga unali m'malere, ndipo sindinafune kukulemberani nkhani isanathe. Tsopano yatha bwino, ndapuma. Ndikuuzani zonse, ngakhale wolakwa m'nkhanimu ndine.

Mwana wanuyu, amene munamupatsa nokha dzina loti Mafunso, chaka chino aphunzitsi ake anamusankha kuti akalowe nawo chionetsero cha sayansi. Kumeneko ana a sukulu zosiyanasiyana amasonkhana mu holo, aliyense ndi chimene wafufuza kapena kupanga, oweruza n'kumazungulira kuwafunsa. Atatu opambana amapita kuchionetsero chachikulu. Mwanayu wakhala akuchilota chimenechi kuyambira chaka chatha, moti pakhomo pano panalibenso nkhani ina.

Iye anasankha kufufuza chimene chimasunga chinyezi m'dothi nthawi yaitali. Anatola zitini khumi ndi ziwiri, anaziboola pansi ndi msomali, anathiramo dothi lofanana, n'kudzalamo nyemba. Zitamera, zitatu anaphimba dothi lake ndi udzu wouma, zitatu ndi utuchi umene anakapempha kwa kalipentala wa pansi pathu, zitatu ndi makala osinja. Zitatu zotsalazo anazisiya zosaphimba. Anazithirira zonse kapu imodzi imodzi, ndipo ananena kuti kuyambira tsiku limenelo palibe kuthiranso, aone zimene ziyambe kufota. Tsiku lililonse akaweruka kusukulu ankaziyeza pasikelo ya kukhitchini ya mayi ake n'kulemba m'kope. Anandifotokozera kuti madzi akamauma chitini chimapepuka. Anazindandalika pakhonde pathu, kakhonde koti anthu awiri sangadutsane, ndipo anatiuza tonse awiri, ine ndi mayi ake, kuti tisazikhudze.

Ndinamva ndithu, Achimwene, makutu ndili nawo. Koma inu mukudziwa mmene tinakulira. Abambo ankatikoka makutu tikadutsa mbande yofota tili ndi ndowa m'manja. Ndiye onjezani zaka khumi ndi zinayi zogwira paipi tsiku ndi tsiku.

Tsiku lachisanu chithirireni, ndikutuluka kupita kuntchito, ndinaona zitatu zosaphimba zija zili zyoli, masamba atagwa. Ndinadutsa. Ndinafika mpaka pamasitepe, kenako ndinabwerera. Ndinatsegula botolo langa la madzi akumwa n'kuthiramo timadzi pang'ono, tongonyowetsa kukhosi. Mumtima ndinkati ndikuthandiza, mwana angakachite manyazi kuonetsa anthu akuluakulu nyemba zakufa. Mawa lake ndinathiranso. Ndinachita zimenezi masiku asanu ndi anayi, ndipo ndinkathirira zosaphimba zokhazokha, poti ndizo zinkaoneka zovutika.

Zotsatira zake mukhoza kuziona nokha. Zophimba zija zinayamba kufota, zanga zosaphimbazo zili biriwiri. Choipa kwambiri chinali pasikelo. Masiku ena chitini chinkalemera kuposa dzulo lake. Mwanayu ankayeza kawiri, katatu, mpaka anasintha mabatire a sikelo. Koma ankalemba chimene waona, osasintha ngakhale nambala imodzi.

Atapita nalo kope lija kusukulu, aphunzitsi anamuuza kuti chitini chimene palibe akuchithirira, mvula osagwa, sichingalemere chokha. Anati zikuoneka kuti sankayeza, ankangolemba za m'mutu mwake, ndipo iwo sangatumize mwana wa manambala opeka kukaimira sukulu. Anamuchotsa pamndandanda.

Anabwera kunyumba osalira. Bola akanalira. Anangokhala pakhomo, kope lili pamiyendo, n'kuuza mayi ake kuti mwina mutu wake si wa sayansi, ndipo chomupweteka kwenikweni n'choti amutenga ngati wabodza iye asananame. Ine ndili pomwepo ndi kapu ya tiyi. Ndikuuzeni zoona, ndinakhala chete masiku awiri. Ndinkaopa maso a mwana wanga yemwe.

Amene anandigwira ndi mayi ake. Mmawa wina ndikumanga nsapato anandiuza motsitsa mawu kuti akhala akuona pansi pa zitini zitatu pali ponyowa akamasesa pakhonde, ndipo ankaganiza kuti ndi mwanayo. Anati tsopano adziwa, ndiye ndisankhe, ndinene ndekha kapena anene iwo. Anawonjeza kuti chifundo chinapha nkhwali, koma changachi chapha mwana wosalakwa. Aa, mawu amenewo anandilasa.

Ndinamuuza Mafunso tsiku lomwelo. Ndinkayembekeza kuti akalipa kapena amenyetsa chitseko. Ayi ndithu. Anandifunsa zinthu ziwiri zokha, kuti ndinathira masiku angati, ndiponso madzi ochuluka bwanji. Ndinayankha, iye n'kulemba m'kope muja ine ndikuona. Kuchokera pamenepo ankangondipatsa moni wa mmawa ndi wa madzulo, basi. Nyumba yathu ndi yaing'ono, koma masiku amenewo ndinkaona ngati mwanayo ali kutali kuposa inuyo.

Mawa lake ndinapempha akapitawo kuti ndichokeko pang'ono, ndinapita kusukulu ndili mu ovolosi ndi majombo. Ndinawapeza aphunzitsi aja m'chipinda chawo chodzaza mabotolo ndi timachubu tagalasi. Ndi mayi wachitsikana, woti akhoza kukhala mwana wanu woyamba, koma ndinaima pamaso pawo chipewa chili m'manja ngati mwana wochedwa. Ndinafotokoza zonse. Anandifunsa ntchito imene ndimagwira, ndipo nditawauza anagwira pakamwa, sindikudziwa ngati ankabisa kuseka. Kenako anaitanitsa Mafunso m'kalasi n'kumupepesa ine ndili pomwepo. Zimenezo ndinawalemekeza nazo. Anamubwezera pamndandanda, koma anati ayambirenso, ndipo kunatsala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi okha.

Ndinalangiza kudzera mwa mayi ake kuti aviike kaye nyembazo m'madzi kuti zimere msanga. Anamvera, ngakhale sananene kuti wamvera ndani. Aphunzitsi anali atamuuza kuti ulendo uno zitini zikakhale kusukulu, kumene kulibe anthu achifundo. Iye anakana, anati zikhala pakhonde pomwe paja. Pamenepo ndinadziwa kuti woyesedwa si nyemba zokha ayi.

Achimwene, sindinagwirepo ntchito yolemetsa ngati imeneyo. Botolo langa ndinayamba kutuluka nalo lopanda kanthu, n'kukatungira kuntchito. Tsiku lonse ndithirire maluwa a anthu osawadziwa n'komwe, pobwera ndidutse nyemba za mwana wanga zikufa. Zosaphimba zija zinagwetsa masamba, zinachita chikasu, kenako zinauma gwa, ine ndikuziona mmawa uliwonse. Manja ankandiyabwa. Ndinkawaika m'matumba n'kutsika masitepe mothamanga. Kalipentala uja mpaka anandifunsa ngati ndikuthawa munthu.

Chionetserocho chinali Loweruka lapitali. Tinanyamula zitini m'makatoni awiri, m'basi ndikuzitchinjiriza ndi zigongono kuti anthu asazikhalire. Titalowa mu holo muja mtima wanga unagwa. Ana a anzathu abwera ndi zinthu, inu! Wina kagalimoto koyenda kokha kopanda woyendetsa, wina chopukusa cha mphepo choyatsa babu, wina mawaya okhaokha oti sindinamvetse ntchito yake. Ife ndi zitini zathu zadzimbiri, zitatu zili ndi timitengo touma. Ndinanong'oneza mayi ake kuti tabwera kudzaperekeza anzathu. Anandiponda phazi.

Ife makolo anatiimika kumbuyo kwa chingwe. Oweruza anali atatu. Atafika patebulo la Mafunso, awiri anafunsa pang'ono n'kupitirira, koma mmodzi, bambo wachikulire wa magalasi, anatsalira akutsegula kope lija. Ine ndinkaganiza kuti masamba oyamba aja anawang'amba. Ayi, anawasiya momwemo, pamodzi ndi manambala a zitini zolemera zokha aja, ndi pamene analemba masiku asanu ndi anayi a madzi anga. Bamboyo anafunsa, mwana anafotokoza, kenako ndinangoona chala chikuloza kumene ndinaima. Anthu onse anatembenuka. Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowemo. Bamboyo anaseka mpaka kuvula magalasi, n'kundikwezera dzanja.

Polengeza opambana, bambo yemweyo ndiye analankhula. Anati ana ambiri amabisa zimene zinalephereka n'kuonetsa zokongola zokha. Anati pali mwana mmodzi amene analemba chimene sikelo inanena ngakhale pamene chinkamuonetsa ngati wabodza, anafufuza chifukwa chake, n'kuyambiranso, ndipo ntchito ya sayansi ndi imeneyo. Anatchula Mafunso kuti ndiye wachiwiri. Mayi ake anafuula mpaka mlonda wa pakhomo anasuzumira. Ine ndinangokhala pampando wa munthu wina osapempha. Sikunali kunyada kokha ayi. Ndinapuma, Achimwene, chifukwa chimene ndinatsala pang'ono kumulanda mwanayu chinabwerera m'manja mwake.

Mukafuna kudziwa, udzu wouma ndiwo unasunga chinyezi kuposa zonse, utuchi n'kutsatira. Ndikudziwa munena kuti zimenezo munazidziwa kale musanamere ndevu. Inenso ndinatero mumtima, koma pakamwa ndinatseka, poti masiku ano pankhani ya nyemba sindiloledwa kulankhula.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Chionetsero chachikulu chili miyezi itatu kutsogoloku, ndipo oweruza anamulangiza kuti ayese m'munda weniweni, osati m'zitini mokha. Kuno malo tilibe, mukudziwa. Chonde mupatuleko timizere tinayi tatifupi m'munda mwanu, mudzalemo nyemba, muphimbe monga walembera papepala limene ndaika m'kalata muno. Mzere umodzi ukhale wosaphimba. Mukathirira tsiku limene walembalo, musathirenso, muzingolemba tsiku limene mzere uliwonse wayamba kufota. Ndikukudziwani, magazi athu ndi amodzi. Mukaona mzere wosaphimbawo ukuvutika, tembenukani muyang'ane kwina. Muwauzenso alamu, ndipo makamaka Amayi, chifukwa amenewo akhoza kupita ndi ndowa inu muli kumsika. Chikakukanikani n'kuthira, lembani kuti mwathira, mwanayu amakhululuka madzi koma osati kubisa.

Chimodzi ndasungira kumapeto. Chionetsero chitatha anthu akupakira, Mafunso anandipatsa chikwangwani chake chachikulu kuti ndinyamule, chimene anamatapo zithunzi ndi manambala. Ndinali ndisanachione pafupi, poti ankachilembera kuchipinda chitseko chili chotseka. Ndikutsika nacho masitepe a holo, ndinaona pansi penipeni pali timalemba tating'ono tothokoza amene anamuthandiza. Anathokoza aphunzitsi ake. Anathokoza kalipentala chifukwa cha utuchi, ndi mayi ake chifukwa cha sikelo. Pomaliza analemba kuti akuthokoza bambo ake, amene ulendo wachiwiri sanathirire.

Ndinaima pamasitepe pomwepo anthu akundidutsa, ndinawerenga katatu. Moyo wanga wonse anthu akhala akundiyamika chifukwa chothirira. Kuyamikidwa kumene kwandigwetsa misozi ndi kumeneku. Iye anabwera, anagwira mbali ina ya chikwangwanicho, n'kundiuza kuti tiyende basi ingatisiye.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti mdzukulu wawo wawachotsa manyazi, za ine musawauze zonse. Moni kwa alamu, kwa ana onse kuyambira wamkulu mpaka wakhanda amene sindinamunyamulebe, kwa achemwali athu ndi amuna awo, komanso kwa amalume ngati makutu awo akumvabe. Mayi a Mafunso akupereka moni wambiri, ndipo mwini nyembayo akuti papepalapo musasinthe kanthu.

Bondolo mupite nalo kuchipatala, musadikire kuti lichite kukugwetsani.

Ndine mng'ono wanu wa manja oyabwa,
Bambo a Mafunso