Zombo Zanu Ndakazitenga, Bambo a Clifton

Dixon Kamanga, wa ku Dambwa Central, Livingstone

Lero zakwana zaka zisanu chichokereni inu, bambo a Clifton. Ana anati chaka chino mawu a pansi pa chithunzi chanu ndilembe ndine mkazi wanu, poti zaka zonsezi amalemba okha. Ndavomera, koma ndawachenjeza kuti ine zokometsera sinditha. Chithunzi chimene asankhachi ndikuchidziwa bwino. Mukuseka mano onse pamtunda, koma simukusekera ine ayi. Anakujambulani pakhonde la mnzanu ba Lubinda, tsiku limene munawalanda doko pamasewera anu aja.

Zonse zinayamba ndi ntchito yanu yonyamula alendo ku eyapoti. Mlendo wina amene munayenda naye bwino anakusiyirani katoni ya masewera a nkhondo: mapu aakulu okhala ndi nyanja, zilumba ndi mtunda, tiasilikali, timizinga, tizombo ndi madayisi. Anthu awiri amakhala moyang'anizana, aliyense ndi dziko lake, n'kumalandana mizinda ndi madoko mpaka wina atagonja. Ine ndinati n'zidole za ana. Inu munakaonetsa ba Lubinda, makaniko wa kuntchito kwanu. Poyamba munkasewerera pakhomo pano, mpaka tsiku limene mwana wathu Clifton, akali wokwawa, anameza msilikali mmodzi. Masewerawo anasamukira ku Dambwa North kwa ba Lubinda, ndipo inu munasamuka nawo. Loweruka lililonse masana ndinkakhala wamasiye mwamuna ali moyo.

Chinkandiseketsa n'chakuti inu, mkulu wa zombo zankhondo, nyanja yamchere simunaionepo. Ngakhale boti la alendo pa Zambezi munkakana kukwera, ati mumachita chizungulire. Ba Lubinda amene anakulira m'bwato kwawo ndiwo ankakonda asilikali apamtunda, inu woopa madzi n'kumalamula nyanja. Tizombo tapulasitiki titathyoka, munapempha zidutswa za mitengo kwa osema ziboliboli, n'kusema zombo zanuzanu ndi kampeni. Utoto wake munaba kyutekisi wanga wofiira, botolo latsopano, limene ndinasungira ukwati wa mng'ono wanga. Ndinapita ku ukwatiko zikhadabo zili mbee, zombo zanu zikunyezimira.

Ndinene poyera, poti muli moyo ndinkangonena ndi maso: nsanje ndinali nayo, ndipo ndikali nayo. Akanakhala mkazi ndikanadziwa chochita, ndikanaitana ankhoswe nkhani n'kutha. Nanga munthu ungakadandaule bwanji kuti amene wakulanda mwamuna wako ndi bambo wadazi wonunkha girizi? Potuluka munkangoti, "Nibwela manje manje," ati mubwera posachedwa, ine n'kudziwiratu kuti ndiwo zizizira. Mukabwera mutaluza, munkadya mukusuntha mchere ndi masupuni patebulo ngati zombo. Mukabwera mutawina, nkhani yonse inali ba Lubinda, mmene anagwirira mutu, mmene anatukwanira madayisi m'Chilozi. Ngakhale malangizo kwa ana ankachokera komweko. Mwana wathu Stacy atapeza ntchito yake yoyamba munamuuza kuti asamatulutse zombo zonse padoko nthawi imodzi, ndipo mpaka lero amazinena akafuna kudzudzula mchimwene wake. Pamaliro panu ba Lubinda analira mpaka amayi a kutchalitchi anandisiya ine n'kukatonthoza iwo. Mundikhululukire, koma pamenepo misozi yanga inayamba yaima kaye.

Matenda anakugwirani masewera ali pakati, nthawi yosuntha ili yanu. Ba Lubinda anavundikira tebulolo ndi chitenje, ndipo zaka zonsezi akhala akungopukuta fumbi osasuntha kanthu. Ine kuno zovala zanu zinagawidwa kwa abale, mpando wanu unathyoka, fungo lanu linatha m'nyumba. Iwo anali ndi chinthu chimene chinkakudikiranibe. Zimenezo zinkandipweteka kuposa ma Loweruka onse aja.

Chaka chino ndinamva kuti apuma pantchito ndipo akubwerera kwawo ku Senanga, tebulo ndi zonse. Ndinavala nsapato n'kupita kukaitanitsa zombo zanu, poti ndi zimene zatsala zopangidwa ndi manja anu. Anandilandira bwino, tiyi anandipatsa, koma zombo anakana. Anangoti, "Mulamu, gemu sinasile," kutanthauza kuti masewera sanathe. Ati munapangana kalekale kuti palibe chochoka pamapu nkhondo isanathe, ndipo iwo sangaswe pangano ndi munthu amene sangathenso kudziyankhira. Ndinawauza kuti ngati ndi choncho, pampando wanupo ndikhalapo ndine.

Stacy anandiphunzitsa kasunthidwe kake, ndipo ndinayamba kukwera minibasi Loweruka masana ngati inu. Nzeru yanga inali yachidule: ndiluze msanga, ndiwole zombo, ndizipita. Koma mnzanuyu, bambo a Clifton, ndi munthu wovuta. Ndikaika chombo pakamwa pa mzinga wawo, ankayang'ana kumbali n'kukasuntha kamsilikali kakutali kosalakwa. Ndikasiya doko lopanda mlonda, ankalidutsa ngati sakuliona. Ine ndikulimbikira kuluza, iwo akulimbikira kusawina, nyengo yozizira yonse inatha choncho. Ndipo ali mkati moganiza ankangotulutsa nkhani zanu. Ati munkaimba nyimbo za kwa agogo anu ku Malawi mukamaponya madayisi. Ati munkafuna kudzaona nyanja yeniyeni mukadzapuma pantchito, ngakhale mutaima patali. Ine ndinagona nanu nyumba imodzi moyo wanga wonse, koma zimenezi ndinazimvera pakhonde la eni. Ndinkabwerera kunyumba mtima ukuwawa ngati ndakupezani ndi chibwenzi.

Mwezi wathawu, katundu wawo ali kale m'matumba, ndinatopa nazo. Ndinatenga chombo chanu chachikulu, chija munachisema ndi mlongoti wa msomali, n'kuchiika pakati pa mizinga yawo yonse, pamalo poti ngakhale wakhungu sangaphonye. Ndinawayang'ana m'maso osaphethira. Anagwira madayisi nthawi yaitali, kenaka anaponya. Chombo chinamira, nkhondo inatha, ndipo bambo wamkuluyo anavula magalasi n'kulira ngati maliro ndi a dzulo. Inenso ndinalira, sindibisa.

Nditayamba kulongedza zombo m'chikwama, anatambasula dzanja n'kutenga chachikulucho, n'kuchiika m'thumba la shati. Ati lamulo lanu lina linali lakuti wopambana amasunga chombo chachikulu cha mnzake mpaka nkhondo yotsatira. Stacy akuti n'zoona, ankachiona chikusowa ndi kubwerera. Ndiye onani, bambo a Clifton, miyezi yonseyi ndinkavutikira kuluza, pamene chofunika chinali kuwina. Munaphunzitsa ana za madoko ndi mphepo, koma ine simunandikhazikepo pansi n'kundiuza ngakhale lamulo limodzi. Mwina mukanandiitana ndikanakana, koma mukanandiitanabe.

Zombo zinazo zili pano tsopano, pashelefu ya kuchipinda, ndipo mapu ndinabwera nawo poti ndi anu. Clifton akabwera amangoziyang'ana, amakusowani koma satha kunena. Stacy amalira poyera, amatengera ine. Mdzukulu wanu Chantel, amene munamusiya ali m'manja, amafunsa ngati agogo anali woyendetsa sitima, ndipo ine ndimangoti inde. Ba Lubinda nawo akukulirani ku Senanga, chombo chanu chili m'thumba mwawo, pafupi ndi mtima, pamalo pamene sindinawapatse chilolezo.

Tsopano Loweruka masana tebulo lodyera limakhala nyanja. Stacy amakhala mbali inayo ndipo ndamuletsa kundimvera chisoni. Sabata yathayi ndinamulanda chilumba, ndipo ndinakuwa mpaka aneba anasuzumira. Pa Khirisimasi ndikukwera basi ya ku Senanga, mapu m'manja. Ba Lubinda anakutengani muli moyo ndipo ndinangokhala chete. Chombo ichi sakhala nacho.

Pumulani, a Dixon. Kukuiwalani sitingathe, ngakhale titafuna.

Ine mkazi wanu Mervis, pamodzi ndi Clifton, Stacy ndi Chantel