Dothi la kumtaya m'dimba la Amayi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Area 23 tonse tili bwino, kungoti ine tulo sindikutiona.

Amayi anu aja, lero ndakusiyirani nokha, anagula ngolo yathunthu ya dothi lakuda la kumtaya, ati ndi manyowa. Anathira dimba lonse la kuseri kwa nyumba. Mpiru wake masamba ngati a fodya, mpaka amayi a kumpingo akubwera kudzaonerera.

Loweruka ndinati ndiwathandize kupalira, khasu n'kufukula mabatire ophwanyika, mawaya opserera ndi chitini cha penti. Ndinawafotokozera mwaulemu wonse kuti dothi lotere limakhala ndi mtovu, poizoni wa m'mabatire ndi penti, umene umalowa m'masamba ndipo suchoka ngakhale muwiritse chotani. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe, chakupha chinganenepetse ndiwo chonchi? Kuyunivesite unkaphunzira kuopa mpiru?"

Ine ndi digiri yanga yonse ndinaingitsidwa m'dimbamo ngati nkhuku.

Koma zoseka zithere pomwepa. Tadala wanu amadya mpiruwo tsiku lililonse, amaseweranso m'dothimo, zala n'kumapita kukamwa. Mtovu suonekera msanga, umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete. Ndatapako dothi kuti akaliyeze, koma zotsatira zichedwa, pamene mphika ukuterekedwa lero lomwe.

Chonde muwaimbire mukangowerenga. Kwa iwo ine ndikadali kamwana, koma inu ndinu mayi wake wa Tadala. Mukanena kuti mwana wanu asadye mpiruwo ndiponso asaponde m'dimbamo, sangakutsutseni. Ndiwo zake ndizikagula ndekha kumsika.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Chikondi