Mafuta Amene Timathira mu Thames

Thamesmead, London

Okondedwa achimwene a Jailos,

Landirani moni m'dzina la Ambuye wathu. Muli bwanji kumeneko? Nanga amayi, mwendo uja wasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, kupatula kachimfine ka kuzizira kwa kuno. Mtima ndiye suli m'malo.

Ndalemba papepala kuti ndijambule n'kukutumizirani, chifukwa pafoni sindingayankhule momasuka. Makoma a nyumba ino ndi opyapyala, munthu akatsokomola chipinda china mumamva.

Mukudziwa kale kuti ntchito yanga yosamalira okalamba ndi ya kukampani ya Mayi Busa Peggy. Viza yanga ili m'dzina la kampaniyo. Chipinda chimene ndimagona ndi chawo, tchalitchi ndi cha amuna awo, Abusa Reinford. Ndikadzuka ndili m'manja mwawo, ndikagona ndili m'manja mwawo. Koma pali zina zimene sindinakuuzenipo.

Kuseri kwa mafulati athu kumadutsa mtsinje wa Thames. Si mtsinje ngati Linthipe wathu ayi. Madzi ake amakwera n'kuphwera tsiku lililonse chifukwa nyanja yamchere ili pafupi, ndipo akaphwera amasiya matope okhaokha. Abusa anatiphunzitsa kuti mizimu ya m'madzi ndi imene imagwira mapepala a anthu okhalira kuno ndi maukwati awo. Ndiye Lamulungu lomaliza la mwezi timapita m'mamawa kukathira mafuta odzozera, nthawi imene madzi ayamba kubwerera kunyanja, kuti akaiphwanye komweko.

Poyamba kanali kabotolo kamodzi. Anthu atachuluka, aliyense anafuna kuti dzina lake litchulidwe pa mafuta akeake, mpaka tinayamba kugula zigubu za mafuta ophikira. Miyezi ina m'bale wina wa shopu ya tchipisi amapereka otsala pokazinga, abusa n'kuwapempherera. Monde, mnzanga wa ku Lusaka amene timagona chipinda chimodzi, anandinong'oneza kuti kwangotsala tomato ndi anyezi, mtsinje wonse ukhala ndiwo.

Ndinaseka, koma wosenza chigubu ndine. Anandisankha chifukwa ndimatha kutsetsereka pamiyala yoterera katundu ali pamutu, amati ndine wakumudzi weniweni. Abusa amaima pamwamba pa khoma ndi ambulera yawo. Ndisakunamizeni achimwene, palibe anandikakamiza. Ndinkakhulupirira. Viza yanga itawonjezedwa ndinaima kutsogolo n'kuchitira umboni kuti ndi mafuta aja, anthu mpaka nthungululu.

Sabata yatha, pochokera ku shifiti, ndinatsika basi n'kudzera kanjira ka m'mbali mwa mtsinje. Ndinapeza mayi wina akulimbana ndi tsekwe m'matope. Mayiyo dzina lake ndi Mariam, mmodzi mwa anthu odzipereka amene amapulumutsa mbalame zovulala. Anandipempha kuti ndimugwirire mapiko. Nthenga za tsekweyo zinali zomatana ngati za nkhuku yoviikidwa m'madzi otentha, ndipo ankanjenjemera m'manja mwangamu. Fungo lake ndinalidziwa, linali la mafuta athu aja.

Mariam anandifotokozera kuti nthenga za mbalame zam'madzi sizilowa madzi, koma mafuta akazimata, madzi ozizira amafika pakhungu. Mbalame imazizidwa, imalemera, ina imamira. Ikamayesa kudzikonza ndi mlomo imawameza. Ndinafunsa ngati ophikira nawonso amapha, poti anthufe timadya. Anati amamata chimodzimodzi. Anati amalowa m'matope mmene muli nyongolotsi ndi tinkhanu, chakudya cha mbalame zochokera kutali, ndiponso amafika kumathero a mtsinje kumene tinsomba ta m'nyanja timakulira. Madzi sawatenga kamodzi n'kupita nawo, amapita nawo n'kubwera nawonso.

Ine ku Fomu 3 ndinaphunzira kuti nyanja imawonongeka ndi sitima zikuluzikulu zikang'ambika. Sindinkaganiza kuti ndingakhale ine Mwayiwathu, ndikuimba nyimbo ya Mulungu.

Mariam anati tsekwe ameneyu si woyamba. Iye ndi anzake akuganizira a malesitilanti, ndipo adziwitsa aboma oona zachilengedwe kuti ayambe kulondera malowo. Potsazikana anandigwira dzanja n'kunena kuti Mulungu andidalitse. Ndinavomera kuti ameni. Mawa lake ananditumizira uthenga kuti tsekwe uja wafa.

Ndinalimba mtima n'kupita kwa Mayi Busa. Ndinagwada monga tinaleredwera, n'kupempha kuti tizingodontheza pang'ono, kapena tizidzoza pachipumi basi. Anafunsa ngati tsekwe ndi woposa ana a Mulungu amene akusowa tulo ndi mapepala, ndipo anandikumbutsa kuti Ambuye mwini anamiza nkhumba zambirimbiri m'nyanja pofuna kumasula munthu mmodzi. Vesi lakuti mpheta imodzi sigwa pansi Atate osadziwa linandibwerera ndili kale pa basi. Mayi Busa anatsiriza n'kunena kuti Satana amayamba ndi iwo amene anachitira umboni. Lolemba lake ndinapeza kuti mashifiti anga ena apatsidwa munthu wina.

Ndiye onani mmene ndamangikira. Ndikasenza, ndikudziwa tsopano chimene ndikuchita, ndipo aboma akabwera adzapeza ine ndi chigubu m'manja, osati a ambulera aja. Ndikakana, ntchito yatha, chipinda chatha, ndipo kuno siponsa, amene viza ili m'dzina lake, akakusiya umapatsidwa masabata ochepa kuti upeze wina, apo ayi uzipita kwanu. Anzanga afunafuna, malo akusowa. Ndikaulula kwa Mariam, kampani ikhoza kugwedezeka, ndipo Monde ndi ena onse amene viza zawo zili momwemo avutika chifukwa cha pakamwa panga. Monde akuti ndingothira ndatsinzina, Mulungu amadziwa kuti ndife alendo. Ndayesa kupemphera motero, mawu sakutuluka. Ndikatsegula botolo la mafuta kuti ndikazinge dzira, njala imathera pomwepo.

Ndinalira mvula, achimwene, matope ake ndi amenewa.

Chigubu cha mwezi uno chafika kale, chili m'khonde pafupi ndi nsapato zathu. Ndimachilambalala potuluka ndi polowa. Ine sindisenzanso. Zimenezo ndatsimikiza pamaso pa Mulungu.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani nokha kwa amayi mukawauze zonsezi, asanamve kwa abale a Mayi Busa a ku Dedza boma aja, chifukwa iwo akanena kuti ndagwidwa ndi mizimu ya m'madzi kapena ndalowerera. Mukudziwa mmene amayi amanyadira ku mvano kuti mwana wawo ali m'manja mwa atumiki a Mulungu. Mukawafunse ngati angandilandire nditabwera chimanjamanja, nyumba yawo isanafoleredwe, chifukwa cha mbalame imene sanaione n'komwe. Musawakometsere nkhani, ndipo yankho lawo musandikometserenso ine. Ndikufuna kudziwa Lamulungu lisanafike ngati ndili ndi kolowera.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa Junior ndi Glory, kwa azakhali a ku Chimbiya ndi kwa amalume a Wiseman. Moni wa amayi muusunge kaye. Mukaupereke mutamaliza kuwauza, kuti aulandire akumudziwa mwana amene wautumiza.

Tsalani ndi Ambuye, ndipo muzinditchula m'mapemphero.

Ndine mlongo wanu,
Mwayiwathu