Chimbale Chimene Ndinakusiyirani

Amayi, kaya mukupeza bwanji kumeneko?

Ife kuno ku Perth tilipo. Malire akadali otseka chifukwa cha mliriwu, moti maliro anu ndinangowaonera pafoni ya achimwene a Dalitso, chithunzi chikudukaduka. Akazi awo achira, ndi mwana wamkazi, akuti chipumi ndi chanu. Maungu ndinabzala kuseri kwa nyumba ku Bentley aja apsa ndi dzuwa, ndangopulumutsako nkhwani.

Chandisokoneza ndi ichi. Lamlungu anzanga a kutchalitchi ku Mirrabooka akonza mapemphero okukumbukirani, ndipo andiuza kuti ndibweretse nyimbo imene munkaikonda. Nditafunsa achimwene, anati m'wailesi yanu anapezamo chimbale chimodzi chokha, chokandikakandika, cha gulu la ku Ulaya lija loimba ndi makiyibodi ndi ng'oma za makina. Lija munkati likulira ngati foni. Akuti chichokereni ine, munkachiika nthawi iliyonse mukamasita zovala.

Amayi, chimenecho ndi chimbale chawo chachinayi, chofooka kuposa zonse. Zitatu zoyambazo zinali moto. Kenako wopeka nyimbo wawo anachoka, otsalawo n'kujambula nyimbo zozizira, zotalika, zosadziwika kumene zikupita. Chachisanu anadzukanso. Zonse zimene ndawerenga za gululi zimangochidumpha ngati chithaphwi. Polongeza katundu wobwera kuno ndinatenga zabwinozo, icho n'kuchisiya pawindo.

Ndiye munkachikondadi? Kapena munkachiika chifukwa chinali changa? Mwina wailesiyo inangokana kutseguka? Achimwene sakudziwa, ndipo ine sindinakufunseni, poti pafoni tinkangokamba za mankhwala anu ndi mvula.

Ndinakachigulanso m'kasitolo ka zinthu zakale m'tauni, nditavala masiki, wogulitsa mpaka kundifunsa kawiri ngati ndi chomwecho. Ndachimvetsera m'basi popita kuntchito. Sichinasinthe, n'chofookabe. Koma m'nyimbo yachitatu muli malo pamene ng'oma zimasiya, kiyibodi n'kutsala yokha ngati munthu amene waiwala chimene analowera m'chipinda. Ndikafika pamenepo ndimamva fungo la malaya otentha. Tsopano zabwino zija ndikaziika zikungondisokosa, kaya khutu langa lafa, kaya latseguka.

Pashelefu ndinazindandalika kuyambira chokoma koposa. Ichi ndachiyesa kumapeto, mtima wakana. Kumayambiriro likhala bodza. Paja munkati mwana woonda naye ndi wa pakhomo pomwepo, koma simunanene kuti agone pati. Panopa chili pathebulo lositira.

Lamlungu ndikaika yachitatuyo. Amayi a kwaya akadabwa, ndikudziwa. Ngati simunkaikonda mundikhululukire, munaipirira zaka zonsezi, kamodzi kena sikavuta. Malire akatseguka ndibwera kudzaona pamene mwagona, ndipo chokandika chanucho ndidzachitenga, sindidzachisiyanso pawindo.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike