Difenda woopa alamu ake

Lachitatu. Kwatentha, ndipo mtima wanga wapsa.

Ine ndinasewera kumbuyo mpaka bondo linandikana, ndipo miyezi itatu ndakhala ndikuphunzitsa Yohane kulanda mpira. Luso ali nalo, ndisaname. Koma lero ku Golomoti wapatukira sitiraika ngati galimoto ya maliro. Zigoli ziwiri!

Nditamufunsa, akuti, "Akochi, ajatu ndi achimwene a chibwenzi changa. Ndikawagwetsa, kwawo ndikalowako bwanji?"



Loweruka a timu ya ku Lilongwe akubwera kudzamuona Yohane akusewera, ndipo tikumananso ndi alamu omwewo. Ndiye mawa, ine munthu wamkulumkulu, ndikagwada kwa mtsikanayo kupempha kuti achimwene ake agwetsedweko kamodzi kokha. Akakana...